Shire amene mukufuna kujambulayo ndi wa pati?

Achemwali, mwafunsa kuti mungajambule bwanji mtsinje wa Shire kuti chithunzi chanu chisafanane ndi zija zogulitsa kwa alendo, za dzuwa likulowa, bwato limodzi ndi mutu wa mvuu. Ine ndikufunseni kaye: Shire wake wa pati? Mtsinjewu ndi wautali pafupifupi makilomita 400, kuchoka ku Mangochi mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique, ndipo susenza nkhope imodzi. Wa ku Liwonde ndi wofatsa, wa migwalangwa ndi njovu. Kuyambira ku Matope madzi amalusa pamiyala, nchifukwa chake Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe timapeza magetsi, zili chigawo chimenecho. Ukatsikira ku Chikwawa ndi Nsanje umayala m'madambo a bango ndi gumbwa.

Zithunzi za alendozo zili ndi kochokera. Thomas Baines, amene adabwera ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi mu 1858, adajambula kasitima kawo kotchedwa Ma Robert kali pa Shire, anthu a m'sitimamo akuwombera njovu m'madzi. Luso lilipo ndithu, sindingakane. Koma diso lake ndi la munthu wodutsa. Kwa iwo mtsinje udali njira yolowera kumtunda, ndipo mathithi a Kapichira adali chopinga chabe. Chimandiwawa nchakuti ojambula athu ambiri adatengera diso lomwelo, amajambula Shire ngati kuti m'mbali mwake simukhala anthu.

Chonsecho anthu a m'mbali mwa mtsinjewo ali ndi Shire wawo. Amang'anja a ku Nsanje ali ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi, komwe amapempha mvula napereka nsalu yakuda, ndipo nthano yake imati Mbona ataphedwa magazi ake adasanduka madzi oyenda. Kumeneko madzi ndi nkhani ya mizimu ndi ufumu. Ngati mtima wanu wakokera uko, pitani mukayambire kwa mafumu ndi osunga malowo, mukamve zomwe zimaloledwa kujambula. Musakangofika ndi kamera.

Ine ndikadakhala inu ndikadasankha kumunsi, chifukwa ndiko mtsinje umadyetsa anthu ndi kuwalanda nthawi imodzi. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022 amene adaononga Kapichira dziko nkukhala mumdima, ndi a namondwe Freddy mu 2023, onsewo adasiya zizindikiro. Mukalowa m'midzi ina mudzaona mzere wa matope pakhoma, pamwamba pa zenera, posonyeza pomwe madzi adafika. Pansi pa mzerewo pulasitala adakakatuka, njerwa zili poyera. Khoma limenelo lokha ndi chithunzi cha Shire, ngakhale madzi osaoneka ndi dontho lomwe.

Koma musaimire pa chisoni. Anthu a m'tauni timakonda kufunsa kuti bwanji amenewa osangosamukira kumtunda. Yankho lili m'madimba. Madzi akaphwa amasiya dothi lachonde ndi chinyontho, anthu nkubzala chimanga, mbatata ndi nyemba pamene kumtunda kwauma gwa, dzuwa la ku chigwa likuswa mtengo. Munthu amene nyumba yake idakokoloka mu Malichi ndi yemweyo akukolola mondokwa m'dimba miyezi ingapo pambuyo pake. Wojambula amene angaike zonse ziwirizo pa nsalu imodzi ndiye wamumvetsa mtsinjewu.

Pa nkhani ya penti, chonde siyani kaye mtundu wa mtambo. Nthawi ya dzinja Shire amakhala wofiirira ngati thobwa, chifukwa cha dothi lokokoloka m'mapiri omwe tidadula mitengo, ndipo pamwamba pake pamayandama namasupuni, yemwe uja amatseka makina a magetsi. Khalani pa doko m'mawa muone thupi la mayi wotunga madzi. Sawerama momasuka. Phazi limodzi lili kumbuyo, maso ali pamadzi osati pa ndowa, ndipo akangodzaza amachoka msanga, chifukwa cha ng'ona. Onaninso momwe wopalasa amagwirira nkhafi akamadula madzi othamanga, ndi momwe mono amatcherera m'bango. Izi simungazipeze pa zithunzi za pa intaneti.

Mukapeza mpata, fikani ku Mua, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Osema ndi ojambula a kumeneko adaphunzira kuika nthano, mwambo ndi mbiri m'chithunzi chimodzi popanda kuchidzaza mpaka kusokoneza. Kenako sankhani doko limodzi, kaya ku Chiromo pomwe Ruo amakumana ndi Shire, mukajambule pamenepo m'dzinja, mudzabwererenso m'chilimwe. Zithunzi zoyambazo mutiponyere tidzazione.