Mabuloko a Khirisimasi Akuperewera, Koma Chitenje Chilibe Mlandu

Mayi ena okhala ku Leicester, ku England, andilembera sabata ino. Ali m'gulu la osoka quilt (chofunda chosokedwa polumikiza tizidutswa ta nsalu) limene limasinthana mabuloko a Khirisimasi, zigawo za makona anayi zimene amalumikiza kuti apange quilt, chaka ndi chaka: aliyense asoke mabuloko 12 ofanana, ofiira ndi obiriwira pansalu yoyera, lililonse la mainchesi 12 ndi theka, atumize Novembala asanathe, kenako alandire 12 osokedwa ndi anzake. Mabuloko a mayiwa akutuluka mainchesi 12 ndi kota. Anadula chitenje chimene anabwera nacho kuchokera kumudzi, ndiye akufunsa ngati achisiye n'kukagula nsalu za m'sitolo ngati anzawo.

Musachisiye, mayi. Funso lotereli limandiwawa, chifukwa chinthu chikangolakwika timathamangira kukayikira nsalu yakwathu, pomwe makina sitinawayang'ane n'komwe. Kota ya inchi imene yasowayo yathera mumsoko.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Buloko limene mwatchula m'kalata yanu ndi la tizidutswa 9, titatu m'litali titatu m'lifupi. Kachidutswa kalikonse mumadula mainchesi 4 ndi theka, ndiye titatu tikandandalikana ndi mainchesi 13 ndi theka. Pakati pake pali misoko iwiri, ndipo msoko uliwonse umadya theka la inchi, kota kunsalu iyi kota kunsalu inayo. Zotsala ndi 12 ndi theka. Tsopano msoko wanu ukakula ndi 1/16 ya inchi yokha, kanthu koti ndi maso simungakaone, msoko uliwonse ukuba 1/8 chifukwa ukudya mbali zonse ziwiri. Misoko iwiri, kota yathunthu yapita. Ndi ndendende imene mwataya. Likanakhala buloko la tizidutswa tinayi pamzere mukanataya 3/8, ndipo la nyenyezi lokhala ndi misoko yambiri likanafupika kuposa pamenepo.

Amene anaphunzira kusoka kwa atelala ndi amene amavutika kwambiri ndi zimenezi. Pa diresi timasiya sentimita imodzi ndi theka, mwinanso kuposa, kuti mwini wake akanenepa timasule. Dzanja likazolowera msoko wotakasuka limakokera nsalu mkati lokha. Pa quilt palibe zomasula. Ndipo musavutike kusintha miyezo kuti ikhale m'masentimita. Kota ya inchi ndi mamilimita 6.35, tepi ya telala singakupatseni zimenezo. Gulu lanu likuyeza m'mainchesi, gulani rula ya pulasitiki ya mainchesi ndi chodulira chozungulira cha mamilimita 45, basi. Sizasi ndi choko zimasiya mzere wonenepa, ndipo kachidutswa kamakhala kataperewera kale musanakaike pamakina.

Yesani motere musanasokenso chilichonse. Dulani timizere titatu ta inchi imodzi ndi theka m'lifupi, mainchesi 4 m'litali. Tilumikizeni m'mbali, sitani, yezani. Kapakati kakhale inchi imodzi ndendende, tonse pamodzi mainchesi 3 ndi theka. Kakaperewera, chepetsani msoko ndi ulusi umodzi kapena uwiri. Msoko wa quilt umayenera kuchepera kota pang'ono, chifukwa nsalu ikapindika posita, popindikapo ndi ulusi womwe zimatenga malo. Kaphazi kopanikiza nsalu musakakhulupirire. Pamakina akale a Singer kapena Butterfly opalasa, m'mphepete mwake sipamakhala kota. Tsitsani singano pang'onopang'ono ndi dzanja pamzere wa kota wa rula, matani timatepi tingapo tosanjikizana pachitsulo cha makina m'mbali mwa rulayo, nsalu izitsamira pamenepo. Ulusi ukhale wa thonje wopyapyala wa nambala 50, singano ya 80/12, masitichi a mamilimita 2. Ulusi wonenepa wa majinzi paokha ungakudyereni 1/8 pabuloko. Posita, ikani simbi n'kunyamula, osaiyendetsa uku ndi uku. Yambani mwasita msoko uli chitsekere, kenako tsegulani nsalu, kankhani ndi chala mpaka ulusi uoneke, musasiye kakhwinya m'mbali mwa msoko. Kakhwinya kameneko kamabisa nsalu yambiri.

Koma mlandu wina ndikuupereka kwa okonza zosinthanazi. Osoka a ku Britain ndi ku America ali ndi kalendala yawo yodziwika. Nsalu za Khirisimasi zimafika m'masitolo pakati pa chaka, n'chifukwa chake mu Julayi mumamva magulu akusoka za Khirisimasi dzuwa likuswa. Chakumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti kumakhala chionetsero cha Festival of Quilts ku NEC, malo a zionetsero a ku Birmingham, pafupi ndithu ndi kwanuko. Tsiku lotsatira Thanksgiving, chikondwerero cha ku America cha kumapeto kwa Novembala, wosoka quilt wotchuka wa kumeneko Bonnie Hunter amayamba quilt yake yachinsinsi imene anthu amasoka gawo limodzi pa sabata osadziwa kuti idzatuluka bwanji, ndipo pofika Januwale magulu ayamba za buloko limodzi pamwezi. Aliyense amadziwa kuti Novembala ndi wothinana. Nanga bwanji kuika tsiku lotumiza mu Novembala, osapempha buloko limodzi loyesera mu Seputembala? Gulu lolandira anthu atsopano popanda buloko loyesera likuwatchera msampha. Munthu amasoka onse 12, n'kudzamva kuti ndi aafupi atafika kale m'manja mwa anthu 12, ndipo chaka chamawa salowanso. Malamulo amayenera kunena poyera kuti 12 ndi theka ndi muyezo wa buloko lisanalumikizidwe, kuti kuperewera kovomerezeka ndi 1/8, komanso ngati nsalu ichapidwe kaye kapena ayi. Wokonza amene sanalembe zitatuzi asadandaule ndi zimene zimubwerere.

Chimene chitenje chingalakwe

Chilipo ndithu, koma si muyezo. Choyamba, si chitenje chilichonse chili cha thonje. Zambiri zotsika mtengo ndi poliyesitala kapena zosakaniza. Dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira pamwamba pa sinki, kayatseni. Thonje limayaka ngati pepala, phulusa lake lotuwa limafumbutuka mukalitikita. Poliyesitala imathawa moto, imasungunuka, n'kusiya kanjere kakuda kolimba. Yoteroyo isalowe m'zosinthana: mnzanu adzaika simbi yotentha ya thonje, buloko lanu n'kukhwinyata kapena kunyezimira.

Chachiwiri ndi utoto, ndipo mitundu ya Khirisimasi ndi yomwe imavutitsa. Chofiira chimakonda kuchucha kwambiri, ndiye mwachiika pafupi ndi nsalu yoyera. Viikani kachidutswa m'madzi otentha a sopo, kasiyeni kwa mphindi 30, kenako kafinyireni pakati pa kansalu koyera n'kusiya kaume momwemo. Koyerako kakatenga mtundu, chapani chitenje chonse pachokha m'madzi otentha, mobwereza mpaka madzi atuluke oyera. Za mchere ndi viniga zija iwalani, sizigwira utoto wa kufakitale pansalu ya thonje. Chomwe chimathandiza ndi madzi ambiri, timapepala togwira utoto togulitsidwa m'masupamaketi, kapena mankhwala okhazikitsa utoto otchedwa Retayne. Kuchapa kumachotsanso sitachi, nsalu n'kubwereratu musanaidule. Ndi chimodzimodzi shweshwe ya ku South Africa, imene osoka quilt amaikonda kwambiri: ndi thonje lenileni, koma imabwera yolimba gwa ndi sitachi, mulifupi mwake masentimita 90 okha, ndipo imabwerera ikachapidwa. Kapepala komatidwa pachitenje musakakande, katenthetseni pang'ono ndi simbi kumbuyo kwa nsalu, kamatuka kokha.

China n'chakuti maluwa a chitenje ndi aakulu, anapangidwira thupi lonse. Mukadula mwachisawawa tizidutswa ta mainchesi 4 ndi theka, kena katuluka kofiira, kena kakuda kokhakokha, ndipo buloko silionekanso la Khirisimasi. Bowolani zenera la muyezo womwewo pakatoni, yendetsani pansalu mpaka mupeze pomwe pakukoma, dulani pamenepo. Nsalu imatha yambiri, koma chitenje cha mamita awiri chikwanira mabuloko 12 ngati m'buloko lililonse mukuika tizidutswa tinayi ta chitenje. Zitenje za chipani kapena za mpingo zokhala ndi nkhope za anthu zisungireni quilt yanuyanu.

Mabuloko mwasoka kalewo, musawakoke ndi nthunzi kuti atalike, adzabwerera akangochapidwa. Musasokerenso kamzere m'mphepete pokhapokha wokonza atavomera. Somolani, lililonse lili ndi misoko isanu ndi itatu yokha, isanu ndi umodzi yaifupi ndi iwiri yaitali. Sitani tizidutswato, yezani ngati tidakali 4 ndi theka, sokaninso motsamira tepi ija. Potumiza, apindeni kamodzi, aikeni m'kathumba ka pulasitiki kotseka kuopa mvula, lembani dzina lanu pakapepala n'kukabaya ndi pini pabuloko lililonse. Envelopu ikapanda kupitirira masentimita 2.5 kunenepa kwake, Royal Mail imaitenga ngati kalata yaikulu, osati phukusi, malinga kukula ndi kulemera kwake kusapitirirenso malire awo.