Funsani Anti: Tinatenga chikho koma wailesi inangoti zii

Zikomo Anti,

Ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Chitakale kuno ku Mulanje, ndimasewera mpira wamiyendo kutsogolo. Mwezi wathawu tinatenga chikho pa bonanza, fainolo tinawina 3-1 ine ndinachinya ziwiri, koma madzulo ake pawailesi anangokamba za anyamata amene anasewera pambuyo pathu galaundi yomweyo mpaka kutchula amene anaphonya penate, ife ngakhale dzina la timu osalitchula. Bambo anga akuti ndingosiya, ati mpira wa akazi ulibe tsogolo n'chifukwa chake sumveka. Kodi akunena zoona?

Wodandaula, Chitakale

Mwana wanga,

Ndakunyadira kwambiri, zigoli ziwiri mu fainolo si zamasewera ayi. Ndipo kudandaula kwakoko n'komveka, anakulakwirani.

Koma zoti mpira wa akazi ulibe tsogolo ndakana. Bambo ako ukawafotokozere mwaulemu za ana a Chawinga a ku Rumphi aja. Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, palibe anali atafikapo pamenepo mu sizoni imodzi, mpaka anamusankha kukhala wosewera wopambana onse. Mkulu wake Tabitha anaposa onse kugoletsa ku Italy ali ku Inter Milan, zigoli 23, sizoni yotsatira n'kukachitanso zomwezo ku France ndi PSG. Ma Scorchers, timu ya dziko lathu ya akazi, mu 2023 anabwera ndi chikho cha COSAFA atakuntha Zambia 2-1, chikho chomwe Flames sinachigwirepo olo kamodzi.

Chimene chimandipweteka ine n'choti timawatama atsikanawa akayamba atamidwa kunja. Ma Queens, timu ya dziko lathu ya ntchemberembaye, atagonjetsa New Zealand 57-53 ku Commonwealth Games mu 2018 dziko lonse linali m'manja wa wa wa, patangopita masiku ochepa tsamba lakumbuyo la nyuzipepala labwerera kwa Maule ndi Manoma, ntchemberembaye ya m'maboma osaionanso. Ngakhale kwanu konko, pa mpikisano wa Porters Race azimayi amanyamukira pa Likhubula pomwepo kukwera phiri lomwelo miyala yake yomweyo, koma tamvetsera amene amayamba kutchulidwa ndi amene chithunzi chake chimakula. Ndiye mtolankhani wina akati wabwera mafunso ake ndi oti kodi muli pabanja, amuna anu amakulolani, kapena kulemba kuti amasewera ngati mwamuna ngati kuti ndiye kuyamikira. Zimenezo zimandinyansa, mufunseni munthu za mpira wake.

Nanga zimatheka bwanji? Sikuti onse ndi nkhanza. Olemba zamasewero ndi ochepa, ambiri ndi abambo ndipo amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, Loweruka thiransipoti ikapezeka ya gemu imodzi amathamangira komwe kuli sponsa ndi masapota ambiri. Matimu a anyamata nawonso ali ndi anthu awo oimba foni gemu ikangotha, inu mwina munangonyamula chikho n'kumapita kunyumba mukuimba.

Ndiye apa pokha musadikire. Sankhani munthu mmodzi pa timu, kaya ndi kochi kaya mnzanu amene ali pa benchi, musonkherane ya bandulo. Lachinayi atumize ku wailesi ya m'dera lanu kuti tikusewera ndi akuti, galaundi yakuti, nthawi yakuti. Gemu ikatha asagone nazo, pompopompo pa WhatsApp alembe zigoli, mayina onse awiri a ochinya osati maina a pagalaundi okha, ndi chithunzi chimodzi chooneka bwino dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Muzitero sabata iliyonse olo mwaluza, chifukwa mtolankhani amazolowera munthu amene samukhumudwitsa ndipo tsiku lina nkhani zikamuchepera adzakuimbirani yekha. Tsegulaninso peji ya timu pa Facebook, ndipo pa mapulogalamu oimba foni aja muziimba inuyo ndi amayi anu ndi azakhali anu kufunsa kuti za atsikana zili kuti.

Iweyo gula kope uzilembamo gemu iliyonse ndi zigoli zako, tsiku lomwe makochi a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, kapena a timu yaikulu adzakufunse udzakhala ndi choonetsa. Sukulu kapena kosi imene ukupanga usaitaye. Bambo usakangane nawo, ingowapempha adzaonere gemu imodzi yokha, uwapezere pokhala pamthunzi.

Unditumizire chithunzi cha timu yonse ndi chikhocho, mayina kuyambira wapagolo mpaka a pa benchi, ndichiika patsamba lino mwezi wamawa.

Anti