Wailesi ya agogo yooneka ngati sefuliya: musaiyatse msanga

Owerenga wina wa ku Mchinji wandilembera pa imelo kuti posesa m'nyumba ya malemu agogo ake wapeza wailesi yozungulira, yabuluu, yolembedwa Ever Ready. Akufunsa ngati angailumikize ku magetsi kuti amve ngati ikulirabe, kapena angochotsa zam'kati n'kuikamo kasipika ka Bluetooth.

Achimwene, zonse ziwirizo ayi. Mmene mwaifotokozeramu, imeneyo ndi Saucepan Special, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1949. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero), ankafuna wailesi yotsika mtengo yoti anthu akuda azimverapo siteshoni ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba ndi zilankhulo zina, n'kumamveka mpaka kuno ku Nyasaland. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain ndiyo inaipanga, thupi lake n'kukhala sefuliya ya aluminiyamu yopanda chogwirira. Mtengo unali mapaundi 5, batire kugula padera. Ndiye kuchotsa zam'katizo n'kuwononga chinthu chimene simudzachipezanso pamsika uliwonse.

Za magetsi a pakhoma iwalani. Wailesiyi ndi ya batire, ndipo batire lake linkatulutsa mphamvu ziwiri: mavoti 1.5 otenthetsa timawaya ta m'kati mwa mavalavu, timababu tagalasi tinayi tija, ndi mavoti 90 oyendetsa zina zonse. Batire lotero anasiya kupanga, koma mukhoza kulumikiza motsatizana mabatire khumi a mavoti 9, padera n'kuika limodzi lalikulu la tochi. Apa m'pamene ambiri amalirira. Mukasokoneza mawaya, mavoti 90 aja n'kupita kumene kumafunika 1.5, mavalavu onse anayi amapsa kamodzin'kamodzi, musanaphethire n'komwe. Choncho tsatirani waya uliwonse ndi mita yoyezera magetsi, muulembe chizindikiro, kenako muonenso kachiwiri. Pulasitiki kapena mphira wa mawayawo ngati ukufumbutuka mukaukhudza, sinthani.

Mukatsegula kumbuyo, fumbi ndi zitosi za mphemvu chotsani ndi kaburashi kofewa, osati madzi. Mudzaona timasikuluwu pa tizitini ta aluminiyamu. Manja amayabwa kuti mutimange, koma tisiyeni, sitinamasuke ayi, anatichuna dala kufakitale, ndipo mukatipotokola masiteshoni amasowa.

Anthu amathamangira kunena kuti mavalavu ndiwo afa. Kawirikawiri olakwa ndi makapasita akale okutidwa ndi phula, tizipangizo tosunga magetsi kwakanthawi. Akakalamba amayamba kudutsitsa magetsi pamene sayenera, mawu amasasa, batire limatha msanga, ndipo valavu yomaliza, yoyendetsa sipika, imavutika. Makapasitawo sinthani limodzi limodzi, mutajambula kaye ndi foni mmene zinalili. Ngati simunagwirepo chowotcherera mtovu, pitani nayo kwa wokonza mawailesi wachikulire, osati mnyamata wa mafoni.

Ikadzalira musadzayembekeze FM, imagwira shortwave yokha. Mangani waya wautali kuchokera pawindo kukafika pamtengo, ndipo muziyesa madzulo dzuwa litalowa, nthawi imene masiteshoni akutali amamveka bwino. Penti musapake ina. Yakaleyo ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, ndipo mukamaisunga muzichotsa mabatire kuti angadonthere m'kati.