Mneneri akuti walota mwana wa akulu anga

FUNSO: Akulu anga analowa mpingo wina wa mitala kumudzi kwathu. Mtsogoleri wake, yemwe ali kale ndi akazi atatu, akuti Mzimu wamuonetsa kumaloto kuti mwana wa akulu angawo, mtsikana wa zaka 14 wa giredi 7, akhale mkazi wake wachinayi. Mwanayo anasiya sukulu mwezi watha ndipo akugona komweko, ati akuphunzira ntchito zapakhomo. Makolo ake akuti kukana n'kukana Mulungu. Ine ndine mayi wake wamng'ono chabe. Ndiyambire pati?
Mayi wodandaula, Katete

YANKHO: Amayi, "chabe" ameneyo mumuchotse. Apolisi safunsa kuti wodandaula ndi kholo kapena ayi. Mphunzitsi, mnansi, ngakhale munthu wongomva nkhaniyo pachitsime, angathe kukanena.

Lamulo la Zambia pa nkhaniyi silizungulira. Kuyambira mu Disembala 2023, pamene lamulo la maukwati linasinthidwa, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wopanda mphamvu, ngakhale utamangidwa pa mwambo. Kale anthu ankabisala m'mawu akuti mtsikana akatha msinkhu ndiye kuti wakula, koma khomo limenelo linatsekedwa. Ndime 138 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, imati wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akhale m'ndende zaka zosachepera 15, mwinanso moyo wake wonse. Kaya mwana anavomera, kaya makolo analandira malowolo, mlandu ulipobe. Lamulo la maphunziro la 2011 limagwiranso wokwatitsa mwana wa sukulu, kotero akulu anuwo nawonso aponda pamoto. Za maloto, palibe khoti lomwe limazimva.

Musayambe n'kukakalipira mtsogoleriyo, ndipo akulu anu musawauze zomwe mukukonza. Magulu otere akamva fungo la apolisi amasamutsa mwana usiku womwewo, ndipo kuchokera ku Katete, malire a Mozambique pa Chanida kapena a Malawi pa Mwami si patali. Mwana akawoloka, kumubweza ndi ntchito yaikulu.

Choyamba funani umboni wa zaka zake, mwakachetechete. Milandu yambiri imafera pamenepa: makolo akaona kuti zavuta amasintha mawu n'kunena kuti mwanayo ali ndi zaka 18, kungoti ndi wochepa thupi. Khadi lake la kusikelo, lija amalembapo katemera, lili ndi tsiku lobadwa. Ngati simungalitenge, lijambuleni pa foni mbali zonse ziwiri. Likasowa, pitani kwa ahedi a sukulu yake. Kaundula wa sukulu ali ndi tsiku lomwelo, komanso amaonetsa tsiku limene mwana anasiya kubwera.

Mukatero pitani kupolisi mukafunse ofesi ya Victim Support Unit, yomwe imathandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Ngati ndalama yoyendera palibe, imbani 116, nambala yaulere ya nkhani za ana, kapena 933 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Apolisi akamutenga mwanayo, apereke fomu yopita nayo kuchipatala tsiku lomwelo.

Apa nthawi ndi ya mtengo wapatali. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72 kuchokera pamene anagonedwa, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amathandiza mpaka masiku 5. Musanene kuti papita kale mwezi, palibenso phindu. Ayezedwe ndithu mimba ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo zomwe adokotala alemba ndizo zidzalankhule kukhoti. Zovala zamkati ndi chitenje chimene anagonera musazichape. Zikulungeni m'nyuzipepala kapena m'thumba la pepala. M'pulasitiki zimachita chinyezi, umboni n'kuwola.

Musadabwe mwanayo akamuikira kumbuyo mtsogoleriyo. Wauzidwa kuti akakana adzadwala, kapena amayi ake adzafa, ndipo kwa mwana wa zaka 14 zimenezi si nthabwala. Musamupanikize ndi mafunso, musamuitanire achibale kuti afotokoze mobwerezabwereza. Zomwe wanena yekha zilembeni momwe wazinenera, ndi tsiku lake. Chithunzi chake kapena dzina lake zisapite pa Facebook.

Nanga akagona kuti? Kumubwezera kwa makolo omwe anamupereka n'chimodzimodzi kumubwezera kwa mneneri. Pemphani a Social Welfare a m'boma lanu amupezere malo otetezeka, ndipo ngati mungathe kumusunga inuyo, nenani pomwepo.

Amalume ake a mwanayo, ngati sali mumpingomo, akokereni kumbali yanu, pakuti kwa Achewa mawu a mwinimbumba amalemera. Mafumunso amathandiza, a Madzimawe amadziwika ndi kulimbana ndi maukwati a ana. Koma chenjerani ndi bwalo lomwe limathera pa kulipitsa mbuzi kapena ng'ombe. Mfumu ingathe kuthetsa ukwatiwo, koma kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma, woweruzidwa kwa majisitireti, ndipo sutha chifukwa mabanja agwirana chanza. Adzabwera ndithu akuluakulu a mpingo ndi nkhuku m'manja, ati tikambirane monga abale. Musalandire kanthu.

Sukulu abwerere msanga. Masukulu a boma salipiritsa fizi kuyambira 2022, ndipo ngakhale atapezeka ndi pakati, ndondomeko ya 1997 imamulola kubwerera akachira.

Pochoka kupolisi, lembani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wapolisi amene walilandira. Pakapita masiku awiri mwana asanatengedwe, bwererani ndi nambalayo mukapemphe kuonana ndi mkulu wa polisiyo.