Chigwiriro cha Mfuti cha Carbon Fiber: Kodi Chingapirire ku Luangwa?

FUNSO: Ndili ndi mfuti ya laisensi imene ndimakasakira ku Lupande, m'chigwa cha Luangwa, koma chigwiriro chake chamtengo chimafufuma m'dzinja mpaka ndimayamba kuphonya. Ndikufuna kuikapo cha carbon fiber. Kodi chingapirire kutentha kwa kuchigwa, nanga chimasamalidwa bwanji? — Wowerenga wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Bambo, pa nkhani ya chinyezi mwaganiza bwino. Chigwiriro chimenechi chimapangidwa ndi timaulusi ta kaboni topyapyala kuposa tsitsi, tomatidwa ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy, motero sichifufuma, sichipindika, ndipo chiswe sichichidya. Kutentha kwa mu Okutobala, kumene ku Mfuwe kumapitirira madigiri 40, sikuwononga timaulusito, koma epoxy ndi penti zimafooka zikakhalitsa padzuwa, choncho musamasiye mfuti m'galimoto yotseka masana.

Chimene chigwirirochi chimaopa kwenikweni ndi kumenyetsedwa. Mtengo ukasweka umaonetsa mng'alu, pamene carbon fiber ikagwera pamwala imatha kumatuka mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Mfuti ikagwa, tengani ndalama yachitsulo ya 50 ngwee n'kugogoda pang'onopang'ono chigwiriro chonse, makamaka pogwira dzanja ndi pomangira lamba. Malo abwino amalira mokweza, koma omatuka amamveka mogonthera. Mukapeza malo otere, musawombere nayo kufikira wokonza mfuti ataiona.

Chachiwiri, chimene alenje ambiri amachinyalanyaza poganiza kuti agula chinthu chosafuna chisamaliro, ndi dzimbiri. Kaboni amadutsitsa magetsi, ndipo akakhudzana ndi chitsulo kapena aluminiyamu pamalo onyowa ndi mvula kapena thukuta, chitsulocho chimadyeka msanga, mobisika pansi pa mpope. Mvula ikakunyowetsani, chotsani zipolopolo zonse, masulani chigwiriro, pukutani paliponse, pakani mafuta ochepa pachitsulo, ndipo pobwezera mabawuti mangani pa mlingo umene opanga analemba, chifukwa zigwiriro zambiri mkati mwake muli zofewa zimene zimaphwanyika mukamanga mopitirira.

Potsuka, nsalu yonyowa ndi sopo wamba n'zokwanira. Thina ndi acetone zimawononga penti. Kuboola kapena kupala musiyire wokonza mfuti, pakuti fumbi lake ndi loipa m'mapapo. Dziwaninso kuti chigwirirochi chimapepukitsa mfuti, ndipo mfuti ikapepuka imakankha phewa kwambiri powombera, ndiye ngati yanu ndi yaikulu monga .375, yambani mwayesako ya mnzanu yokhala ndi chigwiriro chotere musanatulutse ndalama.