Ngolo musaimasule ili ndi katundu, ine zala ziwiri zinathera pomwepo

Achimwene, mwafunsa ngati mungamasule ngolo ku pikapu ya hayala katundu asanatsitsidwe. Ayi ndithu. Ngolo yodzaza matumba musaimasule pabwalo lotsetsereka lomwe mwanenalo, ngakhale mwini pikapuyo alire kuti ali ndi ulendo wina. Adikire. Ndangowerenga zanuzi thupi lonse lachita tsemwe, chifukwa zala ziwiri za dzanja langa lamanzere mpaka lero sizipinda, ndipo chinandipweteka n'chomwechi.

Munali mu June chaka chatha, kwathu kuseri kwa Santhe. Ndinachita hayala pikapu yokoka kangolo kuti inditutire chimanga chotonolatonola kuchokera kumunda. Kangolo kake tija towotcherera konkuno, ekiselo imodzi ya galimoto yakufa, buleki palibe, katayala kakutsogolo palibe. Pomangira pake n'chitsulo chafulati chogona pamwamba pa chitsulo cha galimoto, bawuti imodzi yaikulu n'kudutsa pakati. Tinapakiramo matumba 24 a makilogalamu 50. Werengani nokha, makilogalamu 1,200 pa matayala awiri. Ena anali m'pikapumo.

Pakhomo pathu pamatsetsereka pang'ono kulowera kukhitchini, pang'ono penipeni, woyenda pansi sangadziwe, timangoonera madzi a mvula. Anyamata anayamba kutsitsa matumba akutsogolo kwa ngolo poti ndiwo anali pafupi ndi khomo. Atatsitsa 8 foni ya dalaivala inalira. Akuti mabelo a fodya akumudikira, ayenera kukagona pamzere kumsika wa fodya ku Chinkhoma. Munthu uja nkhope inasintha. "Bwana, masulani ngoloyi itsale, muzitsitsa mwa phee, ndidzaitenga mawa." Ndinamufunsa ngati siithawa. Anatola njerwa imodzi, imodzi yokha, n'kuikankhira ndi phazi kuseri kwa tayala lakumanja, amvekere yakwana. Tcheni lolumikiza ngolo ku galimoto anayamba kuchotsa ndi iyeyo, nthambo ya magetsi n'kuizula mokoka. Nati inamasuka bwinobwino koma bawuti inakana. Apa mpamene munthu wodziwa ntchito yake akanaima. Bawuti ikakana kutuluka ndiye kuti ngolo ikukoka, kaya chakumbuyo kaya chakumwamba, ndipo chatsala kuigwira ndi bawuti yomweyo. Iye anangotenga hamala n'kupatsa mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 2, kuti aigogode chapansi. Ine akuti ndigwire chitsulo chokokeracho chisagwe pansi.

Chisagwe pansi! Tonse maganizo anali oti chigwa. Panalibe wokumbuka kuti matumba 16 otsala aja ambiri ali kumbuyo kwa matayala, kutsogolo kwapepuka.

Ndinawerama, dzanja lamanzere pamwamba pa chitsulo, lamanja pansi. Chitseko chakumbuyo cha pikapu chinali chotsegula, chitagona pamwamba pa dzanja langa, mpata wake chikhatho chimodzi. Kugogoda koyamba, zii. Kachiwiri bawuti inasuntha. Kachitatu ndinangomva kuti thaa! Bawuti kuuluka, chitsulo kunyamuka ngati wachiponda munthu kumbuyo, n'kukandipanikiza zala ku chitseko chija. Ululu sunabwere nthawi yomweyo, ndinangomva phokoso ngati wina akuthyola nzimbe. Kenako ngolo inayamba kubwerera. Njerwa ija inangonyenyeka ngati chigumu, chitsulo chikundikhwekhwereza zala m'mphepete mwa chitseko mpaka chinapulumuka, mutu wa ngolo kuloza kumwamba, kumbuyo kukamenya pansi kuti phii. Matumba anayamba kutsetsereka. Ndipo kumbuyo komweko kunali mwana wanga wamkazi wazaka 4, atanjuta akutolera chimanga chotayika m'kambale. Ndinamuona m'fumbimo, ndinatsegula pakamwa mawu osatuluka. Mayi ake ndiwo anamukoka ndi diresi, thumba n'kugwera pomwe anakhala paja. Kambale kaja tinakapeza pansi pa thumba kataphwatalala. Poyang'ana dzanja, chikhadabo cha chala chapakati chikulendewera, magazi akuyenderera mpaka m'chigongono, akudonthera pa chimanga.

Mukudziwa mawu oyamba a dalaivala uja? Anati ndamupindira chitseko. Osati pepani, osati mwanayo ali bwanji, chitseko. Kenako akuti inunso bwana mukanagwira zolimba. Munthu wa mnofu agwira bwanji katundu wotere ndi manja? Ndalama ya hayala anaifuna yonse pomwepo, ine magazi ali chuchuchu. Kundiperekeza kuchipatala anakana, akuti ataya malo pamzere. Ndinapita pa kabaza wanjinga yamoto, dzanja litakulungidwa ndi chitenje cha mayi a kunyumba, kenako mpaka ku boma ku Kasungu kukajambulitsa, mafupa awiri othyoka. Miyezi iwiri osagwira khasu, dimba lonse linangouma ndikuona. Iye mawa lake anatuma kamnyamata kudzatenga ngolo yake, mwini wake osaonetsa nkhope. Mpaka lero timakumana pamsika, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine mtima umawira. Anthu oterewa alipo ambiri nthawi yokolola, ngolo yopanda buleki, yopanda jeke, yopanda chotchingira matayala, maso ali pa ulendo wotsatira basi.

Ndiye inuyo chitani chonchi. Tsitsani katundu yense ngolo ili yomangika, ndipo muziyamba ndi kumbuyo kuti kulemera kuzitsalira kutsogolo, pa galimoto. Ngati pakhomo pali potsetsereka, aikokere poti see ngakhale patalikire, anyamata asenze, bola msana kuwawa. Galimoto izimitsidwe, handibuleki ikokedwe, isiyidwe mu giya. Matayala onse awiri a ngolo mutchinge kutsogolo ndi kumbuyo, ndi zipika kapena miyala yeniyeni, osati njerwa. Pansi pa chitsulo chokokera ikani jeke kapena chipika, panthaka yofewa muyale thabwa kuti chisamire. Nthambo ya magetsi muigwire pa pulagi pochotsa. Tcheni likhale lomaliza, ngolo itamasuka kale ndipo mwaona ndi maso kuti yaima. Bawuti ikakana musaimenye, dalaivala asunthe galimoto pang'onong'ono, kutsogolo kapena kumbuyo, mpaka izizungulira ndi dzanja. Munthu asaime pakati, asatang'adze chitsulo, phazi lisakhale pansi pake, dzanja lisakhale pamwamba pake. Ana ndi nkhuku zomwe, kutali, makamaka kumbuyo.

Ngati yanuyo ndi zija zogula zomangira pa kachibulunga kachitsulo kumbuyo kwa galimoto, zokhala ndi katayala kakutsogolo, tsitsani katayalako kafike pansi, mumange kolimba, mukoke buleki ya ngolo, ndiyeno mukweze chogwirira cha pomangira n'kumapukusa chokwezera cha katayalako mpaka pomangira patuluke pamwamba pa chibulunga. Osanyamula ndi msana. Zina mwa zimenezi zili ndi buleki yogwira yokha ngolo ikamakankha galimoto, ndiye ngati mwafika chobwerera m'mbuyo pomangirapo pamakhala pofinyika, mukamasula pamadumphira kutsogolo n'kumenya bampa kapena bondo lanu. Dalaivala ayendetse kutsogolo pang'ono kaye. Buleki yake yamanja nayonso imalola ngolo kubwerera pang'ono isanagwire, choncho zipika muike ndithu.

Komabe musadikire tsikulo kuti mulimbane ndi dalaivala, poti anthu awiri akamalamula pamalo amodzi mpamene wina amapweteka. Ngati zavutitsitsa kuti itsale ndi katundu, zimatheka, bola pakhale poti see, matumba ambiri akhale kutsogolo kwa matayala, chipika chachikulu kutsogolo, china pansi pa kumbuyo kuti isadendekere. Muimbireni usiku womwe uno mugwirizane kuti adikira mpaka thumba lomaliza, muwonjezere kangachepe ngati akufuna. Akakana, pezani wina, mapikapu ndi ambiri pa Kasungu.