Kwa madam amene afunsa ngati SNE (Special Needs Education, maphunziro a ana aulumali) ili ndi tsogolo

Madam amene mwafunsa kuti muli ndi satifiketi ya uphunzitsi wa kupulayimale ya IPTE, mwaphunzitsa zaka zinayi ku Lilongwe Rural ndipo mukuganiza zolowa SNE koma anzanu akukuopsezani kuti mukangolowa basi mwadzitsekera mu resource room, chipinda chothandiziramo ana aulumali pa sukulu, mpaka penshoni, ndati ndikuyankheni mofatsa. Ndaona ena apa akungoti pitani kuli ma alawansi, ena akuti musayerekeze kulibe promotion, koma ndikukayika ngati onsewa anagwirapo makina olembera Braille (zilembo za anthu osaona) otchedwa Perkins m'manja. Ine ndili mbali ya ana osaona ndipo ndinayambira pomwe mulipo inupo, sitandade 3 yodzaza mpaka ena kukhala pakhomo. Ndilemba zambiri, bundle yanu indikhululukire.

Khomo limene ambiri tinalowera ndi Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko ndi kumene aphunzitsi apulayimale amene ali kale pa ntchito amakatenga dipuloma ya SNE, ndipo simukaphunzira zonse ayi, mumasankha mbali: ana osaona ndi oona movutikira, ana osamva, kapena learning difficulties, aja ochedwa kugwira zinthu m'kalasi. Malo amalengezedwa kudzera ku unduna ndiye muziwafunsa a PEA anu, alangizi a masukulu a mu zoni yanu, pafupipafupi, osadikira kuti ahedi akuuzani, pena kalata imagona mu drowa mpaka tsiku lotsekera litadutsa. Zinandichitikira chaka choyamba, ndinamva anthu atapita kale ku intavyu, ndinalira ngati mwana.

Mukamaliza dipuloma msewu suthera pomwepo. Pa Nguludi pomwepo pali Catholic University, inatsegulidwa 2006, ndipo ili ndi digiri ya special needs, anzanga angapo anangodutsa kuchoka uku kulowa uku. Ku Mzuni nakonso kuli dipatimenti ya inclusive education. Ndiye amene akuti mwadzitsekera aja mwina akunena za kale. Chimene ndingakuchenjezeni nchakuti masiku ano makoleji achuluka, ena akungolemba pa poster kuti special needs, musanalipire fizi onani kaye ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Komanso nkhani ya study leave muziyendetsa mwa dongosolo, kalata idutse kwa ahedi, kwa a PEA mpaka ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, ndipo kope iliyonse muzisunga kunyumba. Osangonyamuka poti mwamva dzina lanu.

Koma tsono chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi madam, pepala lokha mu field muno silikudyetsani. Chimene chimakusiyanitsani ndi anzanu ndi luso la m'manja, Braille kapena chinenero cha manja, ndipo zimenezi sizinamizika. Munthu utha kuloweza notsi za inclusive education nkukhoza mayeso bwinobwino koma akakuikira mwana wosamva kutsogolo kwako mphindi ziwiri zokha zimakwana kuti aliyense aone kuti sukudziwa kanthu.

Ndikupatseni chitsanzo cha sabata ya mayeso kwathu kuno kuti muone ntchito yake. Mphunzitsi wa kalasi amayenera kundipatsa pepala masiku angapo mayeso asanafike kuti ndilisandutse Braille. Zoona zake amabwera nalo m'mawa wa tsiku lomwelo, lolemba pamanja, akumwetulira, eti madam tathandizani mwachangu. Ndiye ndimakhala pa Perkins, makina aja olemera ngati mbaula yachitsulo, mabatani asanu ndi limodzi a timadontho ndi lina lapakati lodumphira, kugogoda gu gu gu anzawo atayamba kale kulemba panja. Funso likakhala ndi chithunzi, tinene mapu kapena katatu kamasamu, makina sangajambule, ndiye umatenga ulusi ndi guluu kumata pa pepala kuti mwana akhudze ndi chala amve mpangidwe wake. Mwana akamaliza kulemba ntchito sinathe, mphunzitsi wa kalasi satha kuwerenga timadontho, ndiye ndimatenga bolopeni nkulemba pamwamba pa mzere uliwonse zomwe mwanayo walemba, mawu ndi mawu, ngakhale pomwe walakwitsa sipelo ndimalemba cholakwikacho momwemo, mtima umafuna kumukonzera koma ukatero wamupha, ku MANEB sudzakhalako. Ana asanu maphunziro asanu ndi limodzi, werengerani nokha. Ndimafika kunyumba maso akuwawa chifukwa ife oona Braille timawerenga ndi maso, timadontho toyera pa pepala loyera.

Ndipo Perkins ikafa, chifukwa imafa ndithu, fumbi la ku Lilongwe kuno mu Okutobala mukulidziwa, timabwerera ku slate ndi stylus, kuboola kadontho kamodzikamodzi kuchokera kumanja kupita kumanzere kuti ukatembenuza pepala liwerengeke bwino. Ine ndinaphunzira kumasula makinawa ndi kuwapukuta ndekha poonera mnzanga wina wachikulire, ndipo mukhulupirire kapena ayi kaluso kameneka kanditsegulira makomo ambiri kuposa dipuloma, amandiitana m'masukulu ena chifukwa cha screwdriver basi kkkk.

Za kumene mungakafike. Ambiri timayamba mu resource room ya pa sukulu wamba kapena ngati mphunzitsi woyendayenda, kuzungulira masukulu a mu zoni kuona ana ndi kuthandiza aphunzitsi awo, nthawi zambiri pa njinga yakapalasa kapena kabaza wa m'thumba mwako. Palinso masukulu apadera, a ana osamva monga Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba, ndi a ana osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Kuno kwathu kuli Malingunde, kufupi ndi Kamuzu Dam, mutapeza tsiku mupiteko mukaone ndi maso musanasankhe. Mukakhala ndi digiri ndiye mutha kupita ku sekondale, kumene ma specialist ndi osowa kwambiri chifukwa ana athu akakhoza PSLCE amakapeza Physics ndi masamu a fomu 3 opanda wowalembera mu Braille. Kuli ma desk officer a SNE m'maofesi a maphunziro, kuli kuphunzitsa ku TTC poti aphunzitsi atsopano akuyenera kutuluka akudziwako za inclusive, kuli ku unduna ku Capital Hill, komanso nthawi ya mayeso MANEB imafuna anthu odziwa Braille ndi zilembo zikuluzikulu. Mabungwe monga Sightsavers ndi Save the Children akhala akugwira ntchito za maphunziro ophatikiza ana onse, ndipo akafuna wophunzitsa aphunzitsi amayang'ana amene wagwiradi ntchitoyo.

Mbali ya ana osamva ine ndimaiona kuti ili ndi njala yaikulu ya anthu. Omasulira chinenero cha manja ndi ochepa, mumaona nokha pa TV nkhope zake ndi zomwezomwezo. Koma chonde musakaphunzire pa YouTube nkumati mwatha, zambiri za kumeneko ndi za ku America, mwana wa ku Mitundu sadzakumvani. Chathu ndi Malawian Sign Language, a bungwe la anthu osamva la MANAD anatulutsa dikishonale yake, ndipo njira yabwino ndi kucheza ndi anthu osamva eni ake, akusekeni mukalakwitsa, ndi momwe manja amamasukira.

Masters ndiye ambiri amayang'ana kunja. Ku Uganda kuli Kyambogo University imene ndi yodziwika pa special needs, ku Zambia yunivesite ya UNZA ili ndi special education, ku Nairobi kuli koleji ya KISE yomwe si ya masters koma imapanga makosi aafupi. Sikolashipu ya Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi ku UK, imafuna digiri ndi zaka ziwiri za ntchito, ndipo ukamaliza umayenera kubwerera kwanu. Commonwealth nayonso ilipo. Apa ndi pomwe ife a SNE timakhala ndi mwayi umene sitiudziwa, chifukwa mafomu amenewa amafunsa kuti wasintha chiyani kumene uli, ndipo iwe uli ndi nkhani zenizeni, bola ngati unalemba. Nchifukwa chake ndimauza aliyense kuti gulani hardcover imodzi, mwana aliyense amene mwamuthandiza lembani munamupeza bwanji, munachita chiyani, patatha teremu zinasintha bwanji. Dzina la mwana musamaliike poyera, koma nkhaniyo sungani. Hardcover yanga ndi imene inandipatsa mutu wa research ya digiri, anzanga akuvutika kusaka mutu pa intaneti.

Tsono zowawa nazo ndisakubisireni. Promotion imachedwa, zoona, ndipo ukabwera ndi dipuloma sikuti mwezi wotsatira salary yasintha, umayenda ndi mafayilo mpaka nsapato kutha. Pa sukulu ina imene ndinagwirako ahedi ankanditenga ngati spare, mphunzitsi akadwala basi madam a SNE alowe sitandade 5 poti alibe kalasi, ana anga nkukhala okha tsiku lonse. Resource room yomwe inasanduka sitolo ya matumba a ufa wa phala ndi madesiki othyoka. Ndinachita kulimba mtima kupanga timetable yanga nkuimata pa chitseko, ina kukapereka kwa a PEA, ndi pomwe anayamba kundisiya. Ma wekishopu alipo inde koma si a mwezi uliwonse, ndipo kumapita anthu omwewomwewo, pena amene alibe ngakhale mwana mmodzi waulumali m'kalasi mwake. Ndiye ngati mukulowera alawansi mukhumudwa pofika teremu yachiwiri. Ngatinso mukuthawa kalasi ya ana ambiri poganiza kuti ana asanu ndi kupuma, bwererani mukawerengenso za sabata ya mayeso ija.

Komabe mbali ya malamulo zinthu zikusuntha. Malawi inavomereza pangano la UN la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kunabwera Disability Act ya 2012, kenako National Strategy on Inclusive Education ya 2017 mpaka 2021, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano limene linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse azaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo achialubino anali 134,636. Zinthu zimenezi muzidziwe pamtima chifukwa ku intavyu amafunsa, komanso zikukuuzani kuti anawa ali kale m'kalasi mwanumo, si kuti mukawapeza ku Montfort.

Ndiye yambani mawa lomwe, osadikira advert. Yang'anani m'kalasi mwanu mwana amene amatsinzinira akamaona pa bolodi, kapena amene amakopera kwa mnzake nthawi zonse osati pa bolodi. Wachialubino mumuike kutsogolo kumene kulibe kuwala kothobwa m'maso, mumulembere zilembo zikuluzikulu, mumulole avale chipewa chake, ambiri safuna Braille ayi, anthu amangowakakamiza. Ine ndisanapite ku koleji ndinali ndi kamnyamata kena kamene tonse tinkati nkamwano, ukakaitana sikatembenuka, kanadya zikwapu zambiri kunyumba. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kwake nkugwetsa mbale yachitsulo, ana onse anadzidzimuka iye ali phee kulemba. Ndinawaitana mayi ake, tinapita naye ku ABC Hearing Clinic ku Area 47, anakamupeza ndi vuto la kumva lomwe linayamba ndi mafinya a m'khutu ali wamng'ono. Mayi aja anakhala pansi pa khonde nkuyamba kulira kuti ndakhala ndikumenya mwana wosalakwa. Nkhani imeneyo ndi yomwe ndinakafotokoza ku intavyu chaka chachiwiri.

Pa laputopu kapena pa kompyuta ya ku TDC, likulu la aphunzitsi la mu zoni, ikani pulogalamu ya NVDA, ndi yaulere, imawerenga mokweza zomwe zili pa sikirini, muzimitse monitor muyese kulemba kalata ndi makutu okha. Mufufuzenso specialist wa mu zoni yanu mumupemphe kuti muzimuperekeza Lachisanu masana, ambiri timasangalala tikapeza wotinyamulira chikwama. Mukafuna alifabeti ya Braille ndiuzeni ku inbox ndikujambulireni tchati changa, chinang'ambika pakona koma timadontho tonse tikuoneka.